Khobidi la golide lakale kapena latsopano: mmene mungasankhire ndi kuliyesa musanalipire

Krugerrand ya 1978 ndi Krugerrand ya chaka chino, makobidi a golide a ku South Africa, zili ndi golide wofanana ndendende, magalamu 31.10, amene pa malonda a golide amati aunsi imodzi. Koma muno mu Lusaka wogulitsa wina adzakuuzani kuti ya 1978 ndi yodula chifukwa ndi yakale, wina adzati yatsopanoyo ndiyo yodula chifukwa sinagwiridwepo ndi dzanja la munthu. Onse awiri akufuna kuti mulipire kenakake pamwamba pa golideyo. Ndalama yapamwambayo pa malondawa amaitcha premium, ndipo ntchito yanu yonse ndi kudziwa ngati idzabwerera m'thumba mwanu tsiku logulitsa.

Choyamba: mukugula golide kapena mukugula chaka?

Ogula makobidi amenewa ali pawiri. Ena akufuna kusunga chuma pa chinthu chimene kwacha ikagwa sichigwa nayo limodzi. Kwa iwowa chaka chodindidwa pa khobidi chilibe ntchito, chofunika ndi kupeza golide wambiri pa ndalama zochepa. Ena ndi osonkhanitsa, amene amasakasaka chaka chakutichakuti, nkhope ya mfumu yakutiyakuti, kachilembo ka fakitale imene inatsekedwa kalekale. Iwowa amalolera kulipira kuposa mtengo wa golide chifukwa chinthucho n'chosowa.

Sankhani mbali musanatuluke m'nyumba. Chifukwa chake n'chakuti osonkhanitsa kuno ndi ochepa, misika yawo ikuluikulu ili ku Johannesburg, London ndi kwina. Zinthu zikadzafika pa mwana wakana phala, mukufuna ndalama sabata yomweyo, munthu amene mudzamupeze pafupi ndi wosula mphete kapena wogula golide, ndipo iyeyo adzaika khobidi lanu pa sikelo basi. Mbiri ya Mfumukazi Victoria sailipira. Ngati mulibe njira yofikira msika wa osonkhanitsa, gulani khobidi lodziwika la chaka chilichonse chimene chili chotchipa tsiku limenelo.

Chachiwiri: werengerani golide amene ali m'khobidimo

Mtengo wa golide umalengezedwa ku London kawiri pa tsiku la ntchito, 10:30 ndi 15:00 nthawi ya kumeneko. Kuno ndi 12:30 ndi 17:00 kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndipo miyezi inayo ndi 11:30 ndi 16:00. Umakhala wa aunsi imodzi m'madola a ku America. Uoneni pa foni muli pomwepo, osati wa dzulo, kenako musinthe kukhala kwacha pa mtengo wa dola wa tsikulo.

Tsopano chenjerani ndi kulemera, chifukwa kulemera kwa khobidi si kulemera kwa golide. Krugerrand ndi ya makarati 22, kutanthauza kuti 91.67 peresenti ndi golide, wotsalayo ndi mkuwa. Yonse imalemera magalamu 33.93, koma golide wake ndi 31.10. American Eagle nayonso ndi 33.93, kungoti m'kusakaniza kwake muli siliva pang'ono, n'chifukwa chake siifiira ngati Krugerrand. Maple Leaf ya ku Canada ndi ya makarati 24, imalemera 31.10 basi. Sovereign ya ku Britain imalemera 7.98, golide wake ndi 7.32, kapena kuti 0.2354 ya aunsi.

Pali makobidi awiri amene anasintha m'kati mwa njira, ndipo apa anthu amapusitsika. Britannia kuyambira 1987 mpaka 2012 inali ya makarati 22, yolemera magalamu 34.05, koma kuyambira 2013 ndi ya makarati 24. Golide wake sanasinthe, ndi aunsi imodzi yomweyo, choncho musalole kuti akulipiritseni zambiri pa yakaleyo ati chifukwa ndi yolemera. Panda ya ku China ndiyo inasinthadi. Mpaka 2015 inali aunsi imodzi, kuyambira 2016 ndi magalamu 30. Yatsopanoyo yaperewera galamu imodzi ndi pang'ono, ndipo wogulitsa amene akuitcha aunsi akukudyerani.

Tiyerekeze kuti golide ali pa madola 4,000. Krugerrand akuitchula 4,160, ndiye premium ndi 160, amene ndi 4 peresenti. Sovereign ya nkhope ya Mfumu George V ili ndi golide wa madola pafupifupi 942, akuitchula 1,050, ndiye premium ndi 108, kupitirira 11 peresenti. Sovereign ija imaoneka yotchipa poti nambala yake ndi yaing'ono, koma pa galamu iliyonse ya golide ndi yodula. Masamu amenewa achiteni pa khobidi lililonse. Timakobidi ting'onoting'ono, monga Krugerrand ya theka, ya kota ndi ya gawo limodzi mwa magawo 10 zimene zinayamba mu 1980, nthawi zonse timakhala ndi premium yokwera, poti ntchito yodinda kakang'ono ndi yofanana ndi yodinda lalikulu.

Chachitatu: chaka cholembedwa pa khobidi chikhoza kukunamizani

Apa m'pamene ogula atsopano ambiri amataya ndalama, ndipo khobidilo silikhala lachinyengo ayi. Golide wake ndi weniweni, fakitale yake ndi yaboma. Kungoti mayiko ena anapitiriza kudinda makobidi akale ndi chaka chomwe chija kwa zaka zambirimbiri.

Ducat ya ku Austria yolembedwa 1915, yokhala ndi nkhope ya Mfumu Franz Joseph, pafupifupi yonse imene mungaipeze inadindidwa pambuyo pa chakacho, ndipo fakitale ya ku Vienna imaidindabe. Chimodzimodzi 100 corona ya 1915. Khobidi lalikulu la 50 pesos la ku Mexico, lokhala ndi magalamu 37.5 a golide, linadindidwa mochuluka kuyambira 1949 mpaka 1972 lili ndi chaka cha 1947. Makobidi a 20 francs a ku France okhala ndi tambala, olembedwa 1907 mpaka 1914, ambiri anadindidwanso m'zaka za m'ma 1950. Ngakhale sovereign ya ku London ya 1925 inabwerezedwa kuyambira 1949 pamene George V anali atamwalira kale. Onsewa ndi abwino kusungirapo chuma. Koma muwagule pa mtengo wa golide ndi kenakake kochepa, osati pa mtengo wa chinthu cha zaka 100.

Ukale pawokha sukweza mtengo. Chimene chimakweza ndi kuchepa kwa makobidi a mtunduwo amene atsala ali bwino, kuphatikiza kuchuluka kwa anthu owafuna. Krugerrand inayamba mu 1967, ndipo m'zaka zitatu zoyambirira inkadindidwa pang'ono, choncho za 1967, 1968 ndi 1969 osonkhanitsa amazifuna. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 zinkatuluka mamiliyoni pa chaka, mu 1978 mokha zinaposa 6 miliyoni. Ya 1978 ndi golide wamba, ngakhale yadutsa zaka makumi anayi. Zimene zimasowako ndi za zaka zina za pambuyo pa 1985, pamene America ndi mayiko ena analetsa kulowetsa Krugerrand chifukwa cha tsankho la ku South Africa ndipo kudinda kunatsika kwambiri. Ndiye pali zaka zina zimene yatsopanopo imasowa kuposa yakale.

Chachinayi: pamene ukale uli ndi phindu

Kwa amene wasankha kukhala wosonkhanitsa, sovereign ndi poyambira pabwino, chifukwa inafalikira m'mayiko onse amene ankalamulidwa ndi Britain ndipo m'mabanja ena ikadalimo. Ya masiku ano inayamba mu 1817, ndi chithunzi cha George Woyera atakwera kavalo akubaya chinjoka, chojambulidwa ndi Benedetto Pistrucci. Tengani galasi lokulitsa ka 10, lija osula mphete amaika pa diso. Pa makobidi a Edward VII ndi George V yang'anani pa nthaka ili pansi pa ziboda za kavalo, pamwamba penipeni pa chaka. Mukaona S ndiye kuti linadindidwa ku Sydney, M ku Melbourne, P ku Perth, C ku Ottawa, I ku Bombay, SA ku Pretoria. Popanda chilembo ndi la ku London.

Kachilembo kameneka n'kochepa ngati njere ya mawere koma ndi kamene kamagamula mtengo. Pretoria inadinda kuyambira 1923 mpaka 1932. Za 1923 ndi 1924 n'zosowa kwambiri, pamene za 1925 kupita m'tsogolo zinatuluka zambirimbiri ndipo ndizo zimapezeka kwambiri chigawo chino cha Africa. Ya ku Bombay inadindidwa chaka chimodzi chokha, 1918. Ya ku London ya 1917 ndi yosowa mwakuti akathyali amatenga ya 1917 ya ku Australia n'kupala chilembocho kuti ioneke ngati ya ku London. Mukaona pamalo a chilembo pali posalala kapena ponyezimira mosiyana ndi pozungulira, bwezani khobidilo.

Dziwaninso kuti m'zaka za m'ma 1950 sovereign zachinyengo zinkapangidwa zambiri ku Middle East ndi ku Italy, zina ndi golide wabwino ndithu, poti khobidilo linkagulidwa kuposa mtengo wa golide wake. Yotereyi imadutsa pa sikelo bwinobwino. Imagwidwa ndi diso: zilembo zofooka, mchira wa kavalo wosaoneka tsitsi lake, timaenje ting'onoting'ono pankhope, kapena chaka ndi chilembo zimene sizinakhaleko, monga SA pa chaka cha 1915.

Pa makobidi a masiku ano, osonkhanitsa amakonda poyambira ndi pothera. American Eagle kuyambira 1986 mpaka 1991 inkalemba chaka m'manambala a Chiroma, ndipo mu 2021 inasintha chithunzi cha kumbuyo, choncho chaka chimenecho chili ndi mitundu iwiri. Makobidi omaliza okhala ndi nkhope ya Elizabeth II, amene anamwalira mu 2022, ndi oyamba a Charles III nawonso ali ndi owafuna. Kunena zoona, ambiri mwa amenewa anadindidwa ochuluka ndipo premium yawo ndi ya chikoka chabe. Panda ndi yosiyanako chifukwa chithunzi chake chimasintha chaka ndi chaka kuyambira 1982, kupatula 2001 ndi 2002 zimene zimafanana, ndiye anthu amafuna kukwaniritsa mndandanda wonse.

Khobidi lililonse limene mukulilipira koposa golide wake ndi ndalama zambiri, ligulidwe lili m'kabokosi kapulasitiki komata ka PCGS kapena NGC. Awa ndi makampani a ku America amene amapima khobidi n'kulipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 70. Pa kabokosipo pamakhala nambala. Ilembeni pa tsamba la kampaniyo pa intaneti ndipo muyerekeze chithunzi ndi khobidi lili m'manja mwanu, chifukwa timabokosi tachinyengo tiliponso.

Chachisanu: zimene latsopano likuposera lakale

Latsopano ndi losavuta kulitsimikiza. Maple Leaf kuyambira 2013 ili ndi katsamba kakang'ono kojambulidwa ndi leza, m'kati mwake muli manambala awiri omaliza a chaka, ooneka ndi galasi lokulitsa, ndipo kuyambira 2015 ili ndi timizere tosalala tochoka pakati kupita m'mphepete. Britannia kuyambira 2021 ili ndi kachizindikiro kamene mukapendeketsa khobidi kamasintha kuchoka pa mkondo wa mano atatu kukhala loko, komanso mafunde a kumbuyo amaoneka ngati akuyenda. American Eagle yatsopano ili ndi kampata kamodzi m'mano a m'mphepete, koikidwa dala. Mosi-oa-Tunya ya anansi athu a ku Zimbabwe, imene inatuluka mu Julayi 2022 ili ya makarati 22, khobidi lililonse lili ndi nambala yakeyake ndi setifiketi, koma ogula akutali saidziwa ngati mmene amadziwira Krugerrand, ndiye funsani kaye kumene mudzaigulitse.

Kuipa kwa atsopano a makarati 24 n'kufewa. Maple Leaf ikangogundana ndi inzake m'thumba imatuluka ndi zipsera. Krugerrand, chifukwa cha mkuwa uja, imapirira.

Chachisanu ndi chimodzi: liyeseni nokha

Ambiri mukukumbukira ndege imene inagwidwa pa bwalo la Kenneth Kaunda mu Ogasiti 2023 itachokera ku Cairo, itanyamula zitsulo zoposa makilogalamu 127 zooneka ngati golide. Atazipima zinapezeka kuti kwakukulu ndi mkuwa ndi zinki. Mtundu wachikasu si umboni. Mukufunika zinthu zinayi: sikelo yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, choyezera cha vernier chonga cha amakaniko, maginito amphamvu a neodymium, ndi galasi lija.

Yambani ndi sikelo. Iikeni pa tebulo losagwedera, kutali ndi fani ndi mphepo ya pawindo. Krugerrand ionetse 33.93, kusiyana kusapitirire timagawo tochepa ta kumapetoko. Sovereign yakale imene inayendapo m'manja mwa anthu imakhala itaperepeseka pang'ono, 7.95 kapena 7.96 si zodabwitsa, koma ikatsika pansi pa 7.94 ndiye yatha kwambiri kapena inapalidwa, muigule ngati golide chabe.

Kenako yezani kukula. Krugerrand ndi mamilimita 32.77 m'mimba mwake ndi 2.84 kuchindikala. Maple Leaf ndi 30. Sovereign ndi 22.05 ndi 1.52. Musafinye mano a vernier pa khobidi, amakanda. Mayeso awiriwa amagwira ntchito limodzi: mkuwa ndi mtovu n'zopepuka kuposa golide, choncho wachinyengo akakwanitsa kulemera, khobidi limanenepa, akakwanitsa kukula, limapepuka.

Maginito asakoke khobidi ngakhale pang'ono. Likakokedwa nkhani yatha. Likapanda kukokedwa musasangalale msanga, mkuwa nawo sukokedwa.

Mayeso a madzi amachitika motere. Thirani madzi m'kakapu kapulasitiki kopepuka, poti masikelo ang'onowa ambiri sapitirira magalamu 200. Ikani pa sikelo n'kuibwezera pa ziro. Mangani khobidi ndi ulusi wosokera, lilowetseni lonse m'madzi likulendewera, lisakhudze pansi kapena m'mbali. Krugerrand yeniyeni idzaonetsa pafupifupi 1.93. Gawani 33.93 ndi nambalayo, mupeza cha m'ma 17.6. Maple Leaf idzaonetsa pafupifupi 1.61, yankho lake 19.3. Khobidi la mtovu lolemera chimodzimodzi lingaonetse cha m'ma 3, la mkuwa cha m'ma 4. Timathovu ta mpweya tikakakamira pa khobidi nambala imakwera n'kukunamizani, choncho ligwedezeni pang'ono ndipo mubwereze katatu. Pa sovereign mayesowa sathandiza kwenikweni, chifukwa nambala yake ndi 0.45 yokha ndipo kuphonya kwa 0.01 kumasokoneza yankho lonse.

Chitsulo chimodzi chimadutsa mayeso onsewa, tungsten. Pa mayeso a madzi aja yankho lake ndi 19.25 pamene la golide wa makarati 24 ndi 19.32. Akachikuta ndi golide, sikelo, vernier ndi madzi zonse zimavomera. Ngakhale makina a XRF, opima zitsulo ndi X-ray, amene ena ali nawo amangowerenga khungu lapamwamba. Chimene chimachigwira ndi kulira kwake. Khazikani khobidi pa nsonga ya chala, ligogodeni m'mphepete ndi cholembera chapulasitiki. La makarati 22 limalira motalika ngati kabelu. La makarati 24 limalira mofupikirapo, choncho yerekezani ndi lina la mtundu womwewo limene mukulidziwa kuti ndi lenileni. Kulira kukasiyana, lisiyeni. Pa ndalama zambiri, pemphani kuti lipimidwe ndi makina oyeza m'kati, a ultrasound kapena oyeza kayendedwe ka magetsi m'chitsulo. Wogulitsa wokana mayeso, kapena wokuumirizani kuti mumalize msanga muli m'galimoto pamalo oimika magalimoto, kapena wotchula mtengo wotsika kuposa wa ku London, musiyeni apite. Palibe amene amagulitsa golide weniweni motchipa kuposa mmene angamugulitsire kulikonse tsiku lomwelo.

Musalole kuti khobidi likhutizidwe pa mwala n'kudonthezedwa asidi monga amachitira ndi mphete. Chipsera chake sichichoka.

Chachisanu ndi chiwiri: musalitsuke

Khobidi lakale lodera pang'ono ndi mmene osonkhanitsa amalifunira. Mukalipukuta ndi mankhwala otsukira mano, phulusa, kapena nsalu ya polishi, mumasiya timizere tambirimbiri tooneka pa kuwala, ndipo premium yonse yapita. Timadontho tofiira timene timatuluka pa makobidi ena sitichotsa golide, tisiyeni.

Yang'ananinso m'mphepete mwa sovereign. Zambiri zinakhalapo pa mphete kapena pa mkanda. Zizindikiro zake ndi mano ophwanyika pamalo atatu kapena anayi pamene panagwira zikhadabo za mphete, kadontho ka mtovu wowotcherera pamwamba pa mutu wa mfumu, ndi nkhope yonyezimira mopitirira chifukwa chokhuzana ndi zovala. Yotereyi mtengo wake ndi wa pa sikelo, chaka chake chikhale chilichonse.

Krugerrand ya proof, yonyezimira ngati kalilole, imadziwika ndi mano a m'mphepete: ili ndi 220, pamene wamba ili ndi 160. Ena amapukuta wamba kuti ioneke ngati proof. Jambulani m'mphepetemo ndi foni, kulitsani chithunzi, muwerenge. Proof yopanda bokosi lake ndi setifiketi, kapena yokhala ndi chidindo cha chala, imagulidwa pafupifupi ngati wamba.

Chomaliza: mapepala ndi kasungidwe

Musanapereke ndalama funsani wogulitsa kuti, "Nditabwera nalo mawa, mungaligule zingati?" Kusiyana kwa mitengo iwiriyo ndiyo ndalama imene mwataya pa tsiku logula. Pa Krugerrand wamba kumakhala kochepa, pa khobidi lakale la premium yaikulu kumakhala kwakukulu.

Lisiti likhale ndi dzina la khobidi, chaka, kulemera, makarati, mtengo ndi dzina la bizinesi. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Ngati mukugula ku Johannesburg, kutulutsa Krugerrand m'dziko la South Africa kuli ndi malamulo a banki yaikulu ya kumeneko, ndipo polowa kuno pa Chirundu, pa Kazungula kapena pa bwalo la ndege muyenera kuwauza a bungwe la misonkho la ZRA. Funsani mbali zonse ziwiri musanakwere basi, osati mutafika kale pa chipata.

Gwirani khobidi m'mphepete mokha, pamwamba pa thaulo, kuti likapulumuka ligwere pofewa. Lililonse likhale m'kapisozi kakekake kolimba ka saizi yake: ka mamilimita 33 ka Krugerrand, ka 30 ka Maple Leaf, ka 22.5 ka sovereign. Pewani timatumba tofewa ta PVC, pakapita nthawi timatulutsa utomoni wobiriwira umene umamatirira pa makobidi okhala ndi mkuwa, makamaka m'nyengo ya dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo pamene m'nyumba muli chinyezi. Ikani kapaketi ka silica gel m'bokosi, tija timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo muzikasintha mvula ikamayamba. Panda imene ili m'pulasitiki yake ya ku fakitale musaitsegule. Malisiti ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri za khobidi lililonse zikhale pamalo ena, osati m'bokosi momwemo.